Chilengezo: Loweruka Tiyamba Kuwerenga Nkhani Zathu

Amayi, abambo ndi nonse a gulu lathu la sukulu ya kwacha,

Loweruka lino tikumana ku Mbare mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, pamalo athu aja, 2 koloko masana. Mabuku a ana tiwaika kaye pambali. Munthu wazidzukulu kumawerenga za kalulu tsiku ndi tsiku, mtima sukhalapo.

Sabata yatha agogo ena anatisimbira mmene bambo awo anayendera wapansi kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito pafamu. Titalemba mawu awowo pabolodi, anawerenga okha mizere itatu, chala chili pa liwu lililonse. Nkhani zoterezi ndizo tiziphunzirira.

Bwerani ndi kope ndi pensulo. Amene dzanja silinazolowere mudzangofotokoza, wina adzalemba momwe mwaneneramo. Tilemba m'Chichewa ndithu, pajatu malamulo a Zimbabwe a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka.