Kalata kwa Nachisale ku Kasungu

Mufakose, Harare

Okondedwa achemwali Nachisale,

Uthenga wanu unandipeza ndili mu kombi yochokera ku Mbare, ndipo ndinachita kuumvera kawiri chifukwa cha phokoso. Funso lanu ndi lalikulu, silokambirana pa foni mothamanga, ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembereni bwinobwino. Kuno tadzuka bwino tonse, mayi okha miyendo ikuwavutabe m'mawa. Kaya inu kumeneko ndi bambo a kunyumba?

Mukufunsa ngati mwana wanu Tamanda apite ku yunivesite kukachita digiri ya unamwino ya zaka 4, kapena alowe ya dipuloma ya zaka 3 kuti ayambe msanga kulandira. Mukanandifunsa zaka 10 zapitazo ndikanayankha mosazengereza kuti dipuloma. Mukukumbukira mmene ife tinaphunzirira: tsiku loyamba kutchula dzina, lachiwiri kuyala mabedi ndi kutaya zotaya, metroni ali pambuyo. Anamwino a digiri tinkawatcha a m'mabuku, ndipo ineyo ndinali patsogolo powanyoza. Lero ndikuti apite ku digiri ngati ndalama zilola, ndipo chandisintha maganizo ndi mtsikana mmodzi.

Ku kiliniki kwathu amatitumizira ophunzira a ku yunivesite pa nyengo imene akuchita za umoyo wa m'madera. Chaka chatha anabwera anayi, mmodzi mwa iwo Chisomo, mdzukulu wa machona ngati ife tomwe, agogo ake anachokera ku Dedza. Sabata yoyamba ndinamupatsa ntchito ya kusikelo, kuyeza ana ndi kulemba makadi a katemera. Lachisanu anandipempha kaundula wa odwala wa mwezi wonse. Ndinamupatsa monyinyirika, poganiza kuti akufuna manambala oti akakongoletsere lipoti lake.

Lolemba anabwera ndi chipepala chachikulu atajambulapo misewu ya dera lathu ndi pensulo: msika, tchalitchi, sukulu, mijigo yonse ndi zitsime zokumba pamakomo. Mwana aliyense amene anabwera ndi kutsegula m'mimba anamuikira kadontho kofiira pa nyumba yakwawo. Achemwali, madontho 14 anaunjikana m'misewu iwiri yokha, ndipo misewu yonse iwiri imatunga pa mjigo umodzi, kumunsi kwa paipi ya suweji imene inaphulika kalekale. Ana onsewo ndinawaona ine ndi maso anga. Ndinawapatsa madzi a mchere ndi shuga, ndinawauza amayi awo za kusamba m'manja, ndinalemba mayina awo ndi dzanja langa. Koma ndinkawaona mmodzimmodzi, wina Lachiwiri wina Lachinayi, ndipo sizinandifike m'mutu kuti akumwa madzi amodzi.

Nditamufunsa kumene anazitenga, anandiuza za dokotala wa ku London, John Snow, amene mu 1854 anajambula mapu a anthu omwalira ndi kolera n'kupeza kuti ambiri ankatunga pa mjigo wa mu Broad Street. Akuti amawaphunzitsa zimenezi m'kalasi, kenako n'kuwatuma kukachita zomwezo m'makomboni. Sisita wamkulu anaitana wa zaumoyo wa m'dera, madzi anatengedwa kukayezedwa, ndipo kuyambira sabata imeneyo pa mjigo paja panakhala munthu wothira klorini m'ndowa ndi m'zigubu.

Inu munachoka kuno kolera ya 2008 isanafike, ndiye mwina simudziwa chifukwa chake chipepala chimenechi chinandigwira mtima chonchi. Mliri uja unapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, ndipo ku Budiriro, kuno ku Harare, odwala ankagona m'matenti pa mabedi obooka pakati, ndowa pansi. Mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko, gwero lake mijigo ndi zitsime zimene suweji inalowamo. Madzi a m'mipopi ochokera ku Lake Chivero amatha masiku osatuluka, ndiye anthu atani, akumba. Nanunso munaziona mu 2022 ndi 2023 kolera itafalikira m'maboma onse a kwathu. Namwino amene amangodikira odwala pa khomo la kiliniki amakumana ndi mliri utakula kale.

Musaganize kuti Chisomo anabwera wokhwima pa zonse. Manja ake anali osakhazikika. Tsiku lina kunabwera mwana wa zaka 2 atatheratu madzi m'thupi, maso atalowa, khungu ukalitsina osabwerera. Ndinamuuza kuti aike dilipi. Anabaya koyamba, mtsempha unathawa. Kachiwiri, magazi anatuluka pang'ono n'kutupa. Mayi wa mwanayo anayamba kulira, ndipo ndinamulanda singano n'kupeza mtsempha pa phazi. Pambuyo pake ndinamupeza kuseri kwa sitolo ya mankhwala akupukuta misozi. Anandiuza kuti pa chidole cha ku sukulu amapeza mtsempha nthawi zonse. Ndinamuyankha kuti chidole sichitha madzi m'thupi, ndipo kuyambira mawa dilipi iliyonse ya pano ndi yake, ine ndili pambali. Pomachoka anali akupeza mtsempha ndi chala, osadalira maso.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna Tamanda amvetsetse. Yunivesite idzamupatsa maso oona dera lonse, idzamuphunzitsa kuwerenga kafukufuku ndi kufunsa chifukwa chake mankhwala akuperekedwa motero. Manja okha adzawapeza mu wodi, usiku, pafupi ndi anamwino akale amene mwina alibe digiri. Akamapita kukaphunzira ntchito m'zipatala asamayang'ane wotchi, asamathawe kusambitsa odwala ndi kutembenuza amene sangathe kudzitembenuza okha. Zilonda za pabedi zimaoneka ndi amene akusambitsa. Ndaonapo ophunzira ena akungofuna siginecha m'buku lawo la maola, ndipo amenewo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mawa ndi amene adzayang'anira anzawo.

Za utsogoleri ndinkaziona ngati zokongoletsa silabasi. Ife tinkati udindo umabwera ndi imvi. Koma taonani mmene zinthu zilili tsopano: anzathu ambiri apita ku England, ku Ireland ndi ku Australia, ndipo namwino wa zaka 25 amapezeka ali yekha wamkulu pa kiliniki, akukonza ndandanda ya mashifiti, akuwerengera kuti katemera ndi ma ARV afika mwezi wamawa kapena ayi, akuyankha makhansala pa msonkhano. Ndi bwino aphunzire zimenezi asanagwemo. Chisomo anatisonyeza kuti odwala shuga ndi BP tikawapatsa tsiku lawolawo ndi ola lawo, mzere wa m'mawa umafupika ndipo okalamba sakomoka ndi njala pa benchi. Chimene ndinachikonda n'chakuti sanapite nazo kwa sisita wamkulu mwachindunji. Anayamba wafunsa ife, mpaka mayi wokolopa, amene anamuuza kuti Lachinayi ndiye tsiku limene kiliniki imapepuka. Ulemu umenewu anauphunzira kwa agogo ake, sindikukayika, koma njira yowerengera mzere anaitenga m'kalasi.

Pali chinanso chimene chikukhudza ife a kuno. Tinapita naye kukayendera odwala m'makomo, tinalowa m'nyumba ya agogo aamuna amene anabwera pa sitima m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito, osabwereranso kumudzi. BP yawo inali yokwera mwezi ndi mwezi ngakhale ankatenga mankhwala mokhulupirika. Ku kiliniki amangoyankha kuti ehe m'Chishona, basi. Chisomo anagwada pa khomo n'kunena kuti, "Agogo, mwaswera bwanji?" Nkhalamba ija inatukula mutu, inamuyang'ana nthawi yaitali, kenako inafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Anayamba za mfunda, za Dedza, za mbatata za kachewere, ndipo mkati mwa machezawo anatulutsa kachitini ka fodya momwe munali mapiritsi oduladula pakati. Ankagawana ndi akazi awo, amene analibe chitupa ndipo ankaopa kupita kukalembetsa. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko lino a 2013, koma m'zipatala simuchimva kawirikawiri, ndipo okalamba athu amabisa zambiri chifukwa chosowa wowafunsa m'chilankhulo chawo. Tamanda akadzatumizidwa ku Karonga kapena ku Mangochi adzaphunzire Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chiyao chokwanira kufunsira wodwala. Ndi zomwenso anazindikira Dr Dixon Chibanda poyambitsa Friendship Bench ku Mbare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kumvetsera anthu ovutika ndi maganizo, matenda amene kuno amati kufungisisa.

Kumeneko muli ndi sukulu ya mbiri yabwino. Kamuzu College of Nursing inaphatikizidwa ndi College of Medicine mu 2021 kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo anamwino ochokera kumeneko ndakumana nawo m'misonkhano, ndi anthu odziwa ntchito. Za fizi ndikudziwa kuti zikukusowetsani tulo, makamaka fodya akagulidwa motchipa. Afunsire ngongole ya boma ya ophunzira akangosankhidwa, ndipo ine ndalankhula kale ndi achimwene anu a ku Highfield kuti tizithandiza ya mabuku ndi yunifomu. Musandikanize, mwanayu ndinamunyamula ali wa masiku atatu.

Mumuuze andilembere yekha, ndikufuna ndimve m'mawu ake chimene akufunira ntchito imeneyi. Wotchi yanga ya pachifuwa ija, imene munandigulira titamaliza maphunziro, ikuyendabe. Ndamupatsa Nabanda amene akukwera basi ya ku Lilongwe kumapeto a mwezi uno kuti amufikitsire. Pobwera mumupatsireko usipa ndi nyemba, mayi akhala akuzitchula.

Moni kwa onse pakhomo.

Ndine wanu,
Naphiri