Timagalimoto takale tisamapite pa sikelo ya ogula zitsulo

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndidandaule za chinthu chomwe chandiwawa mtima sabata yonseyi. Ine ndimakhala kuno ku Ulongue m'boma la Angónia ku Mozambique, zaka ndadutsa 50, ndipo ndimasunga timagalimoto ta zidole takalekale, makamaka tija toyenda m'misewu yoipa, ma Land Rover, ma Jeep ndi ma Land Cruiser. Panopa ndili nato 14 pa shelefu pabalaza.

Lachiwiri lapitali kunabwera anyamata aja ogula zitsulo zakutha, oyenda ndi sikelo ndi ngolo akukuwa m'makwalalamu. Ndiye kwa agogo ena oyandikana nafe kunali kagalimoto kopalasa kofiira, kaja mwana amalowa mkati nkukhala pampando, kamene kanasiyidwa ndi mzungu wina wa sitolo pomwe amachoka mu 1975, tauni yathu ino anthu akuitchulabe kuti Vila Coutinho. Kagalimotoka kanapulumuka nkhondo yonse ija kali kudenga, ana a agogowo anakakwera, zidzukulu zinakakwera, olo ine ndinakakankhapo ndili mwana. Tayala limodzi linasowa inde, penti inasuluka, koma chiwongolero chinalipo ndipo mapedulo amagwirabe. Kapalasidwe kake sikozungulira ngati njinga ai, mwendo wina ukapita kutsogolo wina ukubwerera, ndiye timitengo tachitsulo tiwiri pansi timakoka ekiselo yakumbuyo yomwe ndi yopindikapindika, basi kagalimoto nkumayenda. Ndakhala ndikuwapempha agogowo kuti andigulitse ndikakonze, iwo amvekere mwanawe usade nkhawa tidzakambirana tikakolola mbatatesi. Tsiku limenelo anali kudimba, mdzukulu wawo nkukatulutsa. Pomwe ndimafika ine nkuti anyamata aja atakaphwanya kale ndi hamala kuti kakwane bwino mu ngolo, boneti ili apo, chiwongolero chapindika ngati ndowa yopondedwa ndi ng'ombe. Ndalama yomwe anapereka siyokwana ndi nkhuku yomwe.

Mwanayo sindikumuda, sakudziwa, ndipo ogula zitsulowo nawo akusaka ya ufa. Vuto ndi loti palibe anatiuzapo kuti zinthuzi zili ndi mbiri.

Tamvani iyi. Ku Britain kuli kagalimoto kopalasa kotchuka kwambiri kotchedwa Austin J40, kamene kamapangidwa ku Bargoed m'dera la Wales kuyambira 1949 mpaka 1971, ndipo anapanga topitirira 32,000. Opanga ake anali azibambo omwe anasiya ntchito m'migodi ya malasha chifukwa fumbi linawaononga mapapo, ndiye anawatsegulira fakitale kuti azipezabe kangachepe, zitsulo zake zinali zotsalira ku fakitale ya magalimoto enieni a Austin ku Longbridge. Kanali ndi nyali zoyaka, hutala yolira, boneti yotseguka mkati muli ka injini konamizira. Lero anthu amalimbirana pa okushoni ndi mapaundi masauzande, ndipo ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Goodwood ana amachita nato mpikisano chaka ndi chaka. Ine nditamva nkhani imeneyi maganizo anga anathamangira ku Moatize, komwe abale athu akupuma fumbi la malasha tsiku ndi tsiku, ndinati kani chidole chimathanso kusunga mbiri ya anthu ovutika chonchi. Ka agogo kaja sikanali J40, kanali kopepuka kuposa apo, komabe kanali ndi mbiri yakeyake ya kuno kwathu.

Kanga koyamba ndi ka Land Rover kobiriwira ka kampani ya zidole ya Corgi. Bambo anga amagwira ntchito ku Songo nthawi yomanga damu la Cahora Bassa, lija linayamba mu 1969, ndipo pomwe ntchito imatha mu 1974 banja lina la ainjiniya pobwerera kwawo linawapatsa kagalimotoka kuti akapatse mwana. Mu 1986 nkhondo itafika povuta tinathawira ku Dedza wapansi usiku, mayi anamanga mapoto awiri ndi bulangeti pa chitenje, ine kagalimoto kali mthumba la kabudula. Tinabwerera mtendere wa mu 1992 utasainidwa ku Rome, nyumba tinapeza phulusa lokhalokha, zithunzi zonse zinapsa. Chinthu chokha chomwe bambo anga anachigwirapo ndi manja awo chomwe ndili nacho lero ndi kameneka, penti ya pa denga inachoka ndi chala changa chomwechi.

Tina tonseto ndatola pang'onopang'ono, pa kaunjika ku Lizulu, ku msika ku Tete, tina kwa anzanga omwe amafuna kutaya. Ndiye kwa amene muli nato m'nyumba, musanataye katembenuzeni muwerenge kunsi. Mukaona Dinky Toys ndi Made in England dziwani kuti ndi kakale ndithu, fakitale yawo ya ku Liverpool inatsekedwa mu 1979. Mukaona Matchbox pamodzi ndi dzina loti Lesney, imeneyo ndi kampani ya ku London yomwe inayamba timagalimoto timeneti mu 1953 nkugwa mu 1982. Corgi inayamba mu 1956 ndipo inatchuka chifukwa timagalimoto take tinali ndi mawindo pomwe ta anzawo tinali mabowo chabe. Tonka za ku America zija ndi zachitsulo cholimba, mwana amatha kukhalapo osapindika. Chonde musapake penti ya nyumba poganiza kuti mukukongoletsa, osunga zinthuzi amafuna penti yake yoyamba olo itakalikakalika, ingopukutani ndi kansalu kouma, kadontho ka oilo pa ekiselo, nkuika posafika chinyezi. Katoni yake ngati ilipo sungani, nthawi zina imakweza mtengo kuposa momwe mungaganizire.

Komanso tisaiwale zathu zomwe, galimoto za mawaya. Ife tinkapanga Land Cruiser ya waya ndi maspring'i enieni ogwedera, matayala odula ku patapata wakutha, kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, chiwongolero chachitali mpaka mchiuno, ndiye nkumadutsa nayo m'matope a Januwale mkamwa mukulira injini. Luso limenelo silichepa poyerekeza ndi la ku Liverpool. Koma ndani wasungako olo imodzi ya m'ma 1980? Ine ndayendayenda ku Dómuè mpaka ku Tsangano kufunsa, sindinaipeze, zonse zinadyedwa ndi dzimbiri kapena zinakwera sikelo yomweyo.

Pempho langa kwa aphunzitsi akuluakulu a masukulu athu ndi mafumu ndi loti patapezeka ka chipinda kamodzi kapena kabati yagalasi yokhoma, ine ndibweretsa tanga tonse 14 ana aziona kwaulere, ndipo ndikudziwa azibambo awiri omwe angaphunzitse kupinda waya Loweruka masana. Kwa anyamata a sikelo, mukapeza kagalimoto kopalasa musathamangire hamala, funsani kaye m'mudzimo, alipo angakupatseni yoposa ya pa kilo. Chiwongolero cha ka agogo kaja ndinachiwombola ndi 50 meticais, ndachiwongola ndi pulayala ndipo mawa ndikawapatsa eni ake.

Wowerenga wanu,
Ulongue, Angónia