Otaya zinyalala mu Bombay drain alandidwe malole

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinene za anyamata a kalole aja amene amatolera zinyalala kuno ku Garden mu Lusaka. Timawalipira mwezi ndi mwezi kuti akataye ku Chunga, kumalo otayirako zinyalala, koma iwo adzipezera Chunga wawo wapafupi. Loweruka usiku anaima pa mlatho nkukhuthulira zonse mu ngalande ya Bombay drain, matewera a ana, mabotolo a maheu, mapulasitiki, ngakhale galu wakufa analimo, mmawa mwake amayi ogulitsa vitumbuwa chapafupi pomwepo anali kalikiliki kuingitsa ntchentche ndi kachidutswa ka katoni. Kuwafunsa akuti dizilo yakwera. Ndiye dizilo ikakwera ife tizidya matewera?

Ndikutero chifukwa madzi amenewo sathera pa mlatho ai, amatsikira mu mtsinje wa Ngwerere kumene anthu amathirira repu ndi tomato amene timagula ife tomwe pa msika, kenako amakalowa mu Chongwe. Ngalande imeneyi inakonzedwa ndi ndalama za Millennium Challenge za ku America kuti tisamasambire mnyumba nthawi ya mvula, lero munthu mmodzi wofuna kusunga malita awiri a dizilo aitseke, zikomo kwambiri bwana. Ikatsekeka madzi amabwerera mmakomboni nkudzaza zimbudzi zokumba, ndipo aliyense akudziwa kuti mbali yaikulu ya Lusaka ili pa miyala yobookabooka pansi, zonyansa sizichedwa kufika mzitsime zimene anthu amatungamo. Kodi 2024 taiwala kale? Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera, ana anakhala panyumba mpaka February osapita kusukulu, mabanja ambiri anaika maliro.

Nafenso okhala kuno sitili bwino. Mvula ikangoyamba mudzaona munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, akuthamanga ndi thumba la zinyalala kukaponya mu ngalande ati madzi atenga, mawa lake ndi yemweyo akulira pa Facebook kuti boma litithandize madzi alowa mnyumba. Nanga mapulasitiki opyapyala aja si analetsedwa ndi lamulo la SI 65 la 2018? Gulani anyezi mmodzi yekha muone ngati sakuikirani mu pulasitiki.

A ZEMA oyang'anira zachilengedwe, a Meya, a khansala athu, malamulo muli nawo mmanja, chonde agwiritseni ntchito mvula isanabwere. Aliyense wotolera zinyalala azionetsa lisiti ya ku Chunga asanapatsidwenso chilolezo, ndipo wopezeka akutaya mu ngalande alandidwe lole pomwepo, dalaivala ndi anyamata ake apatsidwe mafosholo alowemo okha achotse zimene anataya.

Wodandaula,
Garden, Lusaka