Amisiri a ku Salima tikufuna kuphunzira makina a 3D

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi. Ine ndimakonza makina osokera ndi mafani pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo chomwe chimatipweteka amisirife ndi masipeya. Kagiya kapulasitiki kochepa ngati chitsekero cha botolo kakangothyoka mano basi makina onse aima, nde ukwere minibasi wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, ukazungulire mashopu tsiku lonse nkukuuza kuti kulibe dikirani katundu wa ku China. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake ndiye osanena.

Mwezi wathawu mayi ena a telala anandibweretsera makina awo othyoka kagiya komweko, nsalu za yunifomu ya ana asukulu zili mbwee kunyumba. Mphwanga amene amaphunzira ku Blantyre anali pa holide, anangokayeza ndi vernier nkukajambula pa laputopu, kenako anatumiza kwa mnzake amene ali ndi 3D printer. Ndinaona pa vidiyo mmene amagwirira ntchito makinawo, amasungunula kachingwe ka pulasitiki nkumakayala kamzere pamwamba pa kanzake, ndendende mmene agogo ankaumbira mbiya, pang'onopang'ono mpaka chinthu chaoneka. Pa lathe timasema chitsulo zinyenyeswa nkumatayika, apa zotayika nzochepa kwambiri, ndiye mpukutu umodzi wa kilogalamu mutha kutulutsamo timagiya tambirimbiri poti kamodzi nkopepuka zedi. Komanso sipafunika chikombole. Kufakitale kuti apange kachinthu ka pulasitiki amayamba asula chikombole chachitsulo chodula, nchifukwa chake sangakupangireni kamodzi kokha, amafuna oda ya masauzande.

Koma ndisaname, koyamba sikanakhalitse. Anapangira pulasitiki ya PLA, imene imayamba kufewa ikafika madigiri cha mma 60, nde ndi kutentha kwa kuno kunyanja, shopu yamalata, mota nayo ikutentha, sabata isanathe mano anali atapindika. Kachiwiri anagwiritsa ntchito nayiloni ndipo mpaka lero mayi aja akusoka. Makinawa ndi ochedwanso, kachinthu kamodzi maola angapo, magetsi akangozima pakati nthawi zambiri mumayambiranso, nde pafunika kabatire ndi sola. Ndipo amene angaganize kuti apangira shafiti ya chigayo kapena nyundo zake aiwale, zimenezo nzachitsulo, tizipitabe kwa owotcherera.

Pempho langa likupita kwa a TEVETA ndi a Salima Technical College ku Senga Bay kuja. Ikani makina amenewa ngakhale awiri, muphunzitse achinyamata kuyeza ndi kujambula pa kompyuta chifukwa luso lenileni lagona pamenepo, makinawo amangotsatira chomwe mwajambula. Ife amisiri akale tizibwera ndi zothyoka zathu nkumalipira kangachepe. Asodzi a ku Senga Bay ndi Chipoka amavutika ndi timakava ta ma injini a boti, alimi a mpunga ku Lifuwu ali ndi masipuleya ongokhala chifukwa cha kachinthu kamodzi kosweka. Mu shopu mwangamu muli makina osokera asanu akudikira timagiya, eni ake amandifunsa mmawa uliwonse.

Mmisiri wokonza makina,
Kamuzu Road, Salima