Ndinalonjeza kusunga chinsinsi, tsopano abwana akufuna mayina

Azakhali,

Nthawi ili 2 koloko usiku, tulo tandithawa. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ku Blantyre, komanso ndikuchita digiri yachiwiri. Fizi imandilipirira ndi kampani yomweyo.

Kafukufuku wanga ndi woona mmene anthu amakwezedwera pantchito, makamaka amayi ndi anthu ochokera zigawo zosiyana. Ndinacheza ndi anzanga apantchito, aliyense anasaina fomu yoti dzina lake silidzatuluka. Anandiuza zomwe tonse timanong'onezana: ngati suli wakwawo kwa abwana, mpando umangoumva fungo. Pamsonkhano wa akuluakulu mayi alipo mmodzi yekha, ndipo ndiye amalemba maminitsi, ndiyenso amathira tiyi, pomwe mesenjala alipo, wangokhala pakhomo. Katswiri wina wa ku America, Rosabeth Kanter, analemba mu 1977 kuti anthu a gulu lina akachepera 15 peresenti pantchito, munthu saonedwanso ngati iye mwini, akalakwa ndiye kuti alakwa amayi onse. Ndinkayesa ndi za ku America zokha.

Lachitatu abwana anandiitana. Akuti ndichotse mutu wachinayi wonse wa kafukufuku wanga ndipo ndiwapatse mayina a amene anayankhula. Sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi. Ine ndinatchula kuti lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho, iwo anangondifunsa kuti fizi amalipira ndani.

Anadziwa bwanji? Ndinauzako mnzanga mmodzi, mmodzi yekha, tikudya nkhomaliro. Dzina sindinatchule, ndikulumbira, koma mwina ndinafotokoza mopitirira. Tsopano mtsikana wina amene analira pondiyankha mafunso amusamutsira kunthambi yakutali. Sandipatsanso moni. Komatu naye ankadandaula poyera, aliyense ankamudziwa. Kapena ndikungodzitonthoza?

Pali china chimene aphunzitsi anga sadziwa. Ntchito iyi sindinaipeze ndekha, wina wakwathu anandiyankhulira. Zambiri sindinena. Ndiye ndine ndani kuti ndiloze ena chala?

Ndili ndi ana awiri, lendi ikundidikira. Ndichotse mutuwo kuti ndimalize sukulu? Ndikauze aphunzitsi kuti chinsinsi chinatuluka, nanga akandiimitsa? Mayina sindipereka, koma ndikane motani osachotsedwa ntchito? Nanga mtsikana uja ndikamupepese kuti chiyani?

Ine wosowa mtendere,
Blantyre