Amuna anga ndi mboni ya boma pa mlandu wa achimwene anga

Zikomo Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi malire a Mozambique m'boma la Dedza. Dzina langa ndi la mudzi sinditchula. Amuna anga avomera kukhala mboni ya boma pa mlandu wozembetsa anthu, ndipo mmodzi mwa oimbidwa mlanduwo ndi achimwene anga enieni, a bere limodzi, amenenso ndi mwinimbumba wathu. Amuna angawo ndi mkamwini. Nyumba yathu ili pamalo a amayi, ndipo khomo lathu ndi la achimwene amayang'anizana.

Mmene amuna anga analowera m'zimenezi ndi chonchi. Njinga yamoto imene ankachitira kabaza anawagulira ndi achimwene, akuti azibweza pang'onopang'ono. Poyamba inkanyamula matumba a kachewere ndi anthu opita kumsika, kenaka kunabwera maulendo ausiku. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti anthu a ku Ethiopia amalowera ku Karonga ndi ku Chitipa kuchokera ku Tanzania, amatsika ndi msewu wa M1 atabisidwa m'malole, ndipo akafika kuno sadzera pachipata cha boda. Malire athu si mtsinje kapena mpanda. Pena ndi msewu, pena ndi munda basi, mzere uno uli m'Malawi winawo uli ku Angonia. Ntchito ya amuna anga inali kuwatenga pamene lole yawatsitsa, awiriawiri panjinga, nyali osayatsa, kukawatula kutsidya komwe ena amawalandira n'kupitiriza nawo ku Tete mpaka ku Joni. Pafoni sankati anthu, ankati katundu. Malipiro anali a pamutu, ndipo ndalama zinkalowa pafoni, lero nambala iyi, mawa ina.

Gululi analikonza mochenjera, Agogo. Aliyense amangodziwa amene amamupatsira ndi amene amamulandira. Amuna anga ankadziwa achimwene, dalaivala wa lole, ndi mwini nyumba ina imene anthuwo ankawatsekeramo masana podikira kuti kude. Bwana wamkulu, amene akuti amakhala mumzinda, nkhope yake sanaionepo, dzina lake lenileni salidziwa. Ndiye umboni wonsewu ungomanga aang'onoang'ono, ndipo mwini ndalama, yemwe angathe kutuma anthu kuti atichite chipongwe, azingodya nsima yake ali phee.

M'mudzi muno sizinali zachinsinsi. Malata atakwera padenga la amayi palibe anafunsa komwe achokera, onse ankangoti mwana wamwamuna wachita bwino. Mu Malichi 2020 tinamva pawailesi kuti anthu 64 a ku Ethiopia apezeka atafa m'kontena ku Tete, lole yake itachokera kuno ku Malawi. Ntchito inaima pang'ono n'kuyambiranso. Mu Okutobala 2022 kutafukulidwa mitembo 25 m'dzenje limodzi m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, amuna anga anati basi ndasiya. Achimwene anangowakumbutsa kuti ngongole ya njinga sinathe.

Anagwidwa usiku wina ali ndi anthu awiri panjinga. Pangano la gulu linali lakuti wogwidwa asatchule munthu, anzake amupezera loya ndi kusamala banja lake. Miyezi yonse imene anakhala pa rimandi sitinaone ngakhale sopo. Ndikawafunsa achimwene ankangoti mlongo dekha, zikuyenda. Kenaka wapolisi wofufuza anawauza amuna anga kuti pa lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu chilango chimafika zaka 14 popanda mwayi wa chindapusa, ndipo ngati wozembetsedwayo ndi mwana zimafika 21. Mmodzi mwa awiri aja ankaoneka wamng'ono kwambiri. Anawauza kuti akafotokoza zonse sadzakhalanso woimbidwa mlandu koma mboni. Anafotokoza.

Kutchalitchi alipo akuti bamboyu walapa, Mzimu wamukhudza. Ine amene ndimagona nawo nyumba imodzi ndikudziwa kuti anangowerenga zaka 21, n'kuwerenga zaka za mwana wathu womaliza, n'kukumbukira sopo uja. Sindikuwanyoza. Ndikanakhala ine m'chitokosi muja sindikudziwa kuti ndikanatseka pakamwa chifukwa cha ndani.

Moyo wa mboni ndi umene ndikufuna mumve, poti anthu amaganiza kuti munthu akatuluka ndiye kuti wapulumuka. Achimwene anamangidwa, koma anatuluka pa belo, ali pakhomo pawo. M'mawa uliwonse amuna anga akatsegula chitseko amaonana maso ndi maso ndi munthu amene akukamumangitsa. Salankhulana. Njinga ili kupolisi ngati umboni, ndipo palibe angawabwereke ina. Pa siteji anzawo akangowaona amasintha nkhani, ena amachita kunena mokweza kuti kapirikoni wabwera. Mwa anyamata a pa sitejiyo ambiri ananyamulako katundu yemweyo, ndiye aliyense akuopa kuti dzina lake linatchulidwa, chonsecho amuna anga sanawatchule. Kumaliro a mwana wa mnansi wathu anapita kumanda kukathandiza adzukulu, nthawi ya nsima anapezeka ali okha pambale. Ine ku banki m'khonde anandibwezera masheya anga chaka chisanathe, akuti gulu lachuluka anthu. Mwana wathu wamkazi wa sitandade 6 anabwera akulira, anzake amuuza kuti bambo ake anagulitsa amalume ake.

Izi ndi zopirika. Zosapirika ndi foni zausiku, zina za nambala za ku Mozambique, munthu osalankhula, kapena kungofunsa kuti ana agona bwanji. Chimanga chathu cha kudimba tinachipeza chitatchetchedwa chisanakhwime. Sindikunena kuti ndi achimwene, ndipo mumtima mwanga sindikhulupirira kuti angavulaze ana a mlongo wawo, koma iwo si amene amalamula. Tinakanena kupolisi, anatilembera m'buku, anatipatsa nambala yoti tiziimba. Kuchoka kuno kukafika kumene kuli apolisi ndi mtunda, ndipo nyengo ya mvula galimoto silowa. Amuna anga tsopano amagona uku ndi uku, masiku ena sindidziwa komwe ali mpaka kutacha. Ayamba kumwa, munthu amene sankalawa.

Mlandu nawo ukungosunthidwa. Tikapita kukhoti, lero loya wa mbali inayo wadwala, ulendo wina womasulira chilankhulo cha anthu aja sanapezeke. Ndalama zoyendera n'zathu, ndipo pabwalo la khoti mboni ndi abale a oimbidwa mlandu timakhala pamthunzi umodzi, pobwerera minibasi imodzi. Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti lonjezo loti amuna anga sadzazengedwanso mlandu linali lapakamwa. Pepala tilibe. Wapolisi uja akasamutsidwa tidzagwira mawu a ndani? Paja mlandu suwola.

Musati ndikuopa chithunzithunzi. Ife a ku Dedza tikukumbuka Buleya Lule, amene anamangidwa pa nkhani yoba mnyamata wachialubino kuno ndipo anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 mlandu usanapite patali. Tikukumbukanso a Issa Njauju, bwana wa ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, amene anaphedwa mu 2015. Ngati munthu wa ofesi yotero anapezeka wakufa, kuli bwanji wakabaza wa kumudzi?

Tsopano amayi. Anandiitana m'nyumba mwawo, atsikana aang'ono atawatulutsa. Mawu awo anali akuti chibale ndi fupa sichiwola, mwamuna umapeza pamsewu koma mlongo umabadwa naye. Akufuna ndiwauze amuna anga kuti tsiku la khoti akanene kuti zonse analankhula chifukwa cha mantha. Akakana, anyamule zovala zawo azipita kwawo, ine ndi ana titsale, poti ana ndi a mbumba ino. Ndikasankha kutsatira mwamuna, munda ndi dimba ndisiye. Amayi ndi okalamba, a shuga, ndipo amene amawagulira mankhwala ndi achimwene. Sindingawaone ngati mfiti chifukwa choteteza mwana wawo, nanenso ndine nakubala. Koma zimandiwawa kuti pamene mkamwini wawo ankadyedwa ndi nsikidzi pa rimandi, za fupa zija sanazikumbukire kuti adzukulu awo akugona ndi njala.

Kwawo kwa amuna anga ndi ku Ntcheu, kumunsi cha ku Bwanje. Makolo awo anamwalira, minda ili m'manja mwa alongo awo. Tikapita tikakhala alendo opempha, ndiponso si kutali koti munthu wofuna kutipeza n'kulephera. Amunawo akuti umboni akaperekabe, chifukwa akabweza mawu ndiye kuti boma liwatembenukira, gulu nalo silidzawakhulupiriranso. Akuti ndisankhe ndekha, sandikakamiza. Kunena zoona ndikanakonda akanandikakamiza.

Ndithandizeni, Agogo. Kodi lonjezo loti munthu akhale mboni osati woimbidwa mlandu limayenera kulembedwa, ndipo amasaina ndani? Ndinamva kuti lamulo la 2015 lija limanenanso za kuteteza mboni. Munthu wa kumudzi amakagogoda khomo liti kuti chitetezocho achione ndi maso? A Legal Aid amathandiza mboni, kapena oimbidwa mlandu okha? Nanga zimene amayi akundituma, ndikakawauza amuna anga kuti asinthe mawu, sindilowa m'mlandu inenso? Ndikakanena za foni zija kukhoti achimwene akhoza kulandidwa belo, ndipo aliyense adzadziwa kuti wawabwezeretsa m'chitokosi ndi mlongo wawo. Nditenge ana ndichoke mlandu usanathe, kapena ndikhale pamalo panga poti sindinalakwire munthu?

Chonde musandiuze kuti nkhaniyi ndipite nayo kwa ankhoswe. Ankhoswe a mbali yanga ndi achimwene omwewo.

Ine wothedwa nzeru,
Dedza