Zikopa za kambuku: Angoni titengere nzeru kwa Alozi

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo nkhani imene ife Angoni sitikonda kuikamba poyera, ya zikopa zimene timavala povina ingoma. Mwambo wa Umhlangano wa ku Ntcheu kapena wa Umthetho wa ku Hora ukayandikira, ena mwa ife muno mu Lilongwe timayamba kunong'onezana za kumene kungapezeke chikopa cha kambuku kapena cha njuzi. Wogulitsa sanena kumene wachitenga, wogula naye safunsa.

Kambuku saswana ngati mbuzi. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi itatu ndi masiku angapo, n'kuswa ana awiri kapena atatu. Amawalera yekha, kuwabisa m'mapanga ndi m'zitsamba, ndipo amayenda nawo chaka ndi theka, mwina ziwiri, asanayambe kudzisakira okha. Mayiyo akakodwa mumsampha wa waya, anawo amafa ndi njala. Kupha wamwamuna nakonso si kwabwino, ngakhale kuti ndiye amasiririka chifukwa chikopa chake n'chachikulu. Dera lake limalandidwa ndi wamwamuna wina, ndipo mlendoyo kawirikawiri amapha ana amene wawapeza kuti mayi wawo abereke ake. Choncho chikopa chimodzi chimene munthu wakoloweka paphewa chingakhale chitapita ndi akambuku atatu kapena anayi.

Ku nkhalango ya Majete akambuku adathapo psiti, mpaka a bungwe la African Parks, limene limayang'anira nkhalangoyo, adachita kukatenga ena ku South Africa mu 2011. Tangoganizani, nyama imene agogo athu ankaiopa potuluka usiku, kuchita kukapempha kwa eni! Alimi oyandikana ndi nkhalango asaiwalenso kuti kambuku amadya anyani ndi nguluwe, zomwe zija zimatha chimanga m'minda.

Lamulo lilipo. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa kwambiri angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Koma ine sindikufuna kuona bambo wachikulire atamangidwa unyolo chifukwa chovina gule wa makolo ake. Kumanga anthu kumangochititsa kuti malondawo abisike kwambiri.

Anzathu ena adapeza njira. Ku South Africa, mpingo wa Shembe, umene amuna ake amavala zikopa za kambuku popembedza, udagwirizana ndi bungwe la Panthera, loteteza akambuku ndi nyama zina za mtundu wa mphaka, n'kuyamba kuvala zikopa zochita kupanga pafakitale. Alozi a ku Zambia adachita chimodzimodzi mu 2019, ndipo amene adatsogolera ndi a kunyumba yachifumu. Pa mwambo wawo wa Kuomboka, opalasa bwato la Litunga, mfumu yawo yaikulu, amavala zopangazo, mwambo n'kuyenda bwinobwino, ng'oma n'kumalira monga kale. Apa mpamene pandigwira mtima ine: sadachite kuuzidwa ndi apolisi, mawu adachokera kwa eni mwambo.

Ndikudziwa kuti akuluakulu ena anena kuti chansalu si chikopa, ndipo kuti ulemu wa mfumu sungavekedwe chidole. Ndikuwamva. Zikopa zakale zimene mabanja adalandira kwa makolo zisungidwe, zilembedwe m'kaundula, mafumu azivala. Chimene ndikukana ine n'chakuti mnyamata aliyense amene wayamba ntchito ku City Centre azifuna chikopa chatsopano choti akajambulitse n'kuika pa Facebook.

Pempho langa likupita kwa Inkosi ya Makhosi Gomani ndi Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, Bayethe, kuti akhale pansi ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire komanso a Lilongwe Wildlife Trust, afunse mmene Alozi adachitira. Akatero, atelala athu a ku Kawale ndi ku Mchesi apatsidwe mwayi wosoka nawo zovalazo, ndipo mtengo wake ukhale woti wovina wamba angaukwanitse Umhlangano usanafike.

Ndine wowerenga wanu,
Mngoni wa ku Area 25, Lilongwe